Malezala a ku Balbriggan

Amene anayamba kundiuza anali akazi a dikoni wathu. Anandipeza pa siteshoni ya sitima ku Balbriggan, kuno kwa azungu, ndikuweruka kuntchito yosamalira okalamba.

"Amake mapasa, mwamva? Abambo akunyumba awaimitsa mgonero. Akuti mukudya zonyansa."

Chinali chaka chija makampani omanga ankatseka. Amuna anga ankagwira ntchito ya zomangamanga pa saiti ina ku Drumcondra, tsiku lina anangouzidwa kuti asabwerenso. Miyezi inatha ali pawindo, akungoyang'ana kunja. Ndiye mzungu wina wachikulire woyandikana nafe, Mulungu amudalitse, anawatengera kunyanja.

Madzi akaphwa, mumchenga mumaoneka timauna. Umathira mchere pauna n'kudikira. Kenaka kamatuluka kanthu ka chigoba chachitali, chowonda ngati chigwiriro cha mpeni. Umagwira mofatsa n'kukoka pang'onopang'ono, ukafulumira kamaduka. Mzunguyo ankati dzina lake ndi reza. Amuna anga ankati malezala. Mnzanga wa ku Zambia ankangoti nkhono zazitali. Mapasa athu ankati zikhadabo, koma ankadya.

Amuna anga anayambanso kudzuka m'mamawa. Ankabwera ndi chidebe, buluku litanyowa, akuimba. Lamulo la mpingo wathu ndinkalidziwa, kuti za m'madzi zopanda mamba sitidya. Sindinama, ndinakazinga ndi anyezi. Munthu wabwera ndi ndiwo m'manja mwake patatha miyezi, ine ndimuuze kuti akataye?

Kulakwa kwanga n'kumodzi. Kwathu mlendo sabisiridwa mbale. Mayi wina wa kwaya atabwera kudzacheza ndinamupatsa zomwe tinali nazo. Anadya, anapempha zina, anafunsa dzina la ndiwozo. Dzinalo n'limene anakatula kwa akulu a mpingo.

Tsiku la mapemphero ndinawaimitsa mkulu wa mpingo pakhomo la holo imene tinkachita lendi.

"Abambo, ntchito itatha munabwera kangati kwathu?"

"Amayi, nkhani si imeneyo. Malemba akuti chonyansa."

"Nanga wophika ndi ine, bwanji mwaimitsa iwo okha?"

"Mutu wa banja ndi mwamuna."

"Mutu umenewo unali pawindo miyezi yonseyi, simunauone?"

Anayang'ana wotchi yawo.

Mkuluyo anati amuna anga akaime kutsogolo alape, basi zitha. Amuna angawo anakana. Anati sangalape chifukwa chodyetsa ana awo. Kunyanjako anasiya kupita, ati zinawatuluka mumtima, ndipo m'holomo sanapondemonso. Ntchito anaipeza patapita nthawi, ndimayamika Ambuye tsiku lililonse. Koma mpaka lero amatisiya pageti n'kukhala m'galimoto mpaka tituluke, munthu amene anandiphunzitsa kupemphera mokweza.

Ndayesa kukhululuka, mtima umawawabe ndikamuona mayi uja akuimba kutsogolo. Inu mwawerenga izi, mukagwada mutitchuleko, ine, mapasa, makamaka bambo awo ali m'galimotomo.