Za Kupuma Kwanga Pansi pa Sowo

Ndikulemba pofuna kulongosola za tsiku limene ndinayamba kucheka matabwa pa Phiri la Dedza, ndiponso za funso limene ndinalitola kumeneko.

Pa nthawiyo n'kuti nditangolowa chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Chongoni, ndipo ndinalibe ntchito. Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, anali mmisiri wocheka mitengo ya paini ndi sowo wa anthu awiri. Anavomera kundiyesa tsiku limodzi lokha, nanenetsa kuti ndikalephera adzatenga munthu wina amene anali atawapempha kale.

Dongosolo la ntchitoyi ndi lotere. Chipika chimagonekedwa pa thandala, mmisiri amaima pamwamba, wophunzira amaima pansi, ndipo utuchi wonse umagwera wapansiyo. Ine, poopa kumeza utuchi, komanso pochita manyazi kuti alamu angamve wefuwefu wanga n'kukandilengeza kumudzi, ndinatseka pakamwa, n'kumaumira mpweya. Thabwa loyamba lisanafike pakati, chifuwa chinandikanira. Pakamwa panatseguka pokha, ndinameza utuchi wambiri, kenako ndinangoona ndakhala pansi ndi chizungulire.

Alamu anasuzumira, nandifunsa ngati mpweyawo ndinali kusungira ana anga.

"Alamu," iwo anatero, "sowo akamatsika tulutsani mpweya, pakuti ndi pamene utuchi ukugwa. Akamakwera kokani. Ine kuwefuka ndinayamba kale, munamvapo ndikupepesa kwa munthu?"

Ndinadzuka ndi kutsatira malangizowo. Komabe m'mutu mwanga munatsala nkhani iyi: ndani anatsegula pakamwa panga, ine mwini wake nditalamula kuti patsekeke? Ndiponso n'chifukwa chiyani tikaika sowo pansi chifuwa chinali kupitirizabe ntchito kwa kanthawi, manja ataweruka kale?

Patapita zaka ndinapereka mafunso amenewa kwa mlangizi wa zaumoyo amene tinakwera naye galimoto imodzi yopita ku Mayani. Anandifotokozera kuti minofu ikamagwira ntchito yolemetsa imatulutsa mpweya woipa wochuluka umene umalowa m'magazi. Ubongo umazindikira zimenezi, ndipo umalamula chifuwa kuti chifulumire, popanda kupempha chilolezo kwa mwini thupi. Munthu akaima, kupumako kumatsika pang'onopang'ono kufikira zonse zitabwerera m'malo mwake. Ndinamufunsa ngati munthu wolimba mtima angaugonjetse ubongowo. Anati angayese, koma adzakhala pansi monga ndinakhalira ine.

Ndibwerere ku phiri kuja. Pofika masana tinali kuwefuka tonse awiri mogwirizana, wina pamwamba wina pansi, ndipo sowo anali kuyenda bwino. Dzuwa litapendeka alamu anatsika pa thandala. Anangondipatsa tupa, nandiuza kuti ndinole sowo mano onse, chifukwa chipika choti tidzacheke limodzi m'mawa mwake chinali chachikulu kuposa cha tsikulo.