Mkazi wanga sanadwale masamba makumi asanu ndi atatu

Sindine munthu wodandaula msanga. Koma shopu ina yosindikiza mabuku pafupi ndi msika wa Kabwata yandilakwira, ndipo ndinena.

Mkazi wanga Esnati anamwalira chaka chatha. Ndinalemba kabuku ka moyo wake, masamba 140, koti tigawire amayi a chigwirizano Loweruka lino poika mwala pamanda. Kumapeto ndinafuna mlozera, woti munthu apeze msanga nkhani imene akufuna. Ndinawalembera a shopuwo ndi dzanja langa: Kwaya, 22–39. Uphunzitsi ku Chelstone, 40–60. Matenda, 61–64. Masamba anayi basi. Esnati anandipempha yekha kuti za matenda ndisadzatalikitse.

Lolemba 9 koloko ndinakatenga makope 150, omata kale. Ndili m'minibasi ndinatsegula kumapeto. Matenda, 61–140.

Ndinatsika pa siteji yotsatira, nʼkubwerera wapansi.

Mwini shopu anafotokoza kuti pakompyuta amaika chizindikiro pamene nkhani yayambira ndi china pamene yathera. Chachiwiricho anaiwala, ndiye nambala inangothamangira kutsamba lomaliza. Ananena izi akudya mtedza. Ndinamukumbutsa kuti tinapangana kuti ndione kaye asanasindikize. Anati indekisi, ndiye mlozerawo, inatuluka mochedwa, komanso ku Chunga kumene ndimakhala nʼkutali. Nambala yanga ya foni ali nayo. Kodi nayonso foni imafuna minibasi?

Kenaka anati, “Ba tate, ni namba chabe iyo. Bantu sibabelenga kumbuyo.”

Sawerenga? Amayi aja amayambira komweko, kufuna pamene pali kwaya yawo. Kuchokera tsamba 65 muli makalata a Esnati, mapemphero ake, ndi maumboni a ana amene anawaphunzitsa. Zonsezo mlozera wanu wazitcha matenda.

Lachitatu 2 koloko ndinabwereranso nditapemphera, mtima utatsika. Mwini shopu anandipatsa bolopeni. Anati ndizifufuta 140 nʼkulemba 64, palibe adzazindikire. Ndinayesadi makope asanu ndi awiri. Tsamba linaoneka ngati kope la mwana wasukulu. Ndinasiya.

Inu amene mukukasindikiza buku, musalole kuti amate chikuto musanayerekeze nambala iliyonse ya mlozera ndi tsamba lake.

Ndipo inu a shopu, kukhululuka ndakhululuka, koma tsambalo mulisindikizanso. Esnati anadwala miyezi isanu. Anakhala ndi moyo zaka 58. Lachisanu 8 koloko mundipeza pabenchi panu ndi katoni yanga ndi Baibulo langa, ndipo sindidzanyamuka mpaka matendawo atathera pa 64.