Kunsi kwa Mpando

Amene anandichotsa pamudzi ndi achimwene anga, a Muhiwa. Tinali pamwamba pa phiri la Mulanje, titangomaliza kucheka chipika cha mkungudza, iwo akukutumula utuchi m'tsitsi.

"Iwe Likaka, matabwa timachekawa amakasanduka chiyani kumeneko? Ati mipando. Mpando wake wotani wofuna mtengo wonunkhira chonchi? Pita ukaphunzire, udzandipangire umodzi, ndidzauone ndi maso angawa."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Mvula itakata ndinamanga kamtolo kanga.

Macheka athu anali a anthu awiri. Chipika chinkagona pamwamba pa dzenje, wina n'kuimirira pachipikapo, mnzake n'kulowa m'dzenje, ndipo utuchi wonse unkagwera wam'dzenjeyo kumaso. Ife tinali ndi lamulo lathu: thabwa likatha, tisinthane. Popeza tinayamba choncho tili anyamata, ndinkayesa kuti ocheka onse amatero.

Ndinatsatira matabwa athu ndi amtengatenga mpaka ku Chiromo, kenako pa sitima ya pamadzi, mpaka ndinakapezeka ku Beira kwa Mpwitikizi wina wopanga mipando ndi makabati. Zaka zoyamba sanandilole kukhudza chilichonse chooneka ngati mpando. Yanga inali kusenza ndi kupala matabwa basi. Malipiro ankathera m'mimba ndi pa kachipinda kotentha ngati uvuni, ndipo ndalama zikatsalako ndinkagula nsalu n'kupatsira aliyense wolowera kwathu. Kusungulumwa kunkandipweteka kwambiri tsiku lopala mkungudza. Fungo lija likangotuluka, ndinkamva mphepo ya kuphiri ndi mawu a achimwene akundinena ulesi, ndipo ndinkalira, anzanga n'kumayesa kuti ndi utuchi.

Mipando ikatha inkakulungidwa m'masaka n'kukwezedwa m'sitima zazikulu za ku Ulaya. Ifenso oipangafe sitinkakhalapo. Tinkadyera pansi, titatsamira khoma.

Uthenga wochokera kwathu unkabwera mwa apo ndi apo. Tsiku lina kunafika bambo wina wa ku Chonde wodzafuna ntchito kudoko.

"Akulu ako ali bwino, akuchekabe. Maso okha ndiwo akumangotuluka misozi. Ati usathamange, ubwere mpando utatha."

Maso otuluka misozi, wocheka aliyense anali nawo. Ndinangoti ndi zazing'ono, n'kupitiriza kuphunzira. Nditayamba kukhoza, ndinagula zidutswa za mkungudza kwa bwana uja n'kumalumikiza pang'onopang'ono masiku a Mulungu. Ndinaupala mpaka kusalala ngati mwala wa mumtsinje. Kunsi kokha ndinakusiya osapala, monga tinkachitira ndi mipando yonse, chifukwa wogula sasuzumira kumeneko.

Pobwerera ndinausenza pamutu kuchokera ku Chiromo. M'njira monse anthu ankandiseka.

"Achimwene, mfumu yake yatsalira kuti?"

Ine ndinkangoyankha kuti ili kutsogolo, ikundidikira.

Ndinapeza achimwene atakhala pamphasa pakhonde, nkhope italoza kuphiri. Ndinatula mpando patsogolo pawo penipeni, koma sanatembenuke. Maso awo anali atayera onse awiri. Alamu anga, akazi awo, ndiwo anandifotokozera chapansipansi. Nditachoka, kapitawo wa ocheka anawapatsa mnzawo wina, munthu wamtali amene ankati mutu wake sukwana m'dzenje. Zaka zonsezo achimwene sanakwerepo pachipika ngakhale tsiku limodzi.

"Bwanji osanditumira mawu oona?" ndinafunsa achimwene.

"Ukanabwera chimanjamanja," anatero. "Wafika nawo? Bwera nawo kuno."

Anayamba kuupapasa, miyendo, chotsamira, pokhalira. Anaununkhiza n'kugwedeza mutu.

"Mtengowo ndi wathu. Koma wasalala bwanji, mphwanga! Ngati sunadutse m'manja mwa munthu."

Kenako anaugubuduza, miyendo m'mwamba. Zala zawo zitafika kunsi kuja zinaima. Zinayenda pang'onopang'ono pa timizere ta macheka, kupita ndi kubwerera, monga tinkakokera.

"Eya," anatero. "Apa pokha ndapaona."

Ndinakhala pansi pambali pawo n'kulira ngati mwana, alamu akuyang'ana kumbali.

Masiku otsatira ndinayenda m'mudzi ndi maso a mlendo. Ndinaona amuna amene ndinakula nawo, ena opindika makosi chifukwa chotsitsa matabwa kuphiri, ena ofiira maso, onse atakhala pansi kapena pa zitsa. Kale ndinkadziwa kuti kwathu kumachokera matabwa. Sindinkadziwa kuti matabwawo amapita ndi makosi ndi maso a eni ake, ndipo palibe chimabwerera.

Achimwene anakhala ndi moyo mvula zingapo pambuyo pake, koma pampandopo sanakhalepo. Unkagona pambali pa mphasa yawo, miyendo m'mwamba, dzanja lawo lili kunsi kwake. Lero uli m'nyumba mwanga, ndipo alendo akafika amafuna kuutembenuza kuti akhalepo. Ndimawayalira mphasa.