Phazi la Mayi Esinati

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa chikalata chomata pakhoma la kiliniki ya esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Ochita kafukufuku ankafuna wodziwa Chilomwe ndi kulemba bwino. Ndinali nditamaliza maphunziro a utolankhani, koma nyuzipepala sizinkandiyankha.

Ochita kafukufuku ankasonkhanitsa tinyama ta zotupa za khansa. Dokotala akadula, kanyamako tinkakagawa pawiri. Kena kankalowa m'botolo la fomalini kokayezera matenda, kena m'chubu, n'kukaika m'katanki kozizira kwambiri.

A Makwinja, mkulu wa labu, anandiuza chifukwa chake. Pachikopa cha selo pali mafuta okhala ndi shuga otchedwa ganglioside. Tonse tili nawo, makamaka muubongo. Koma m'maselo ena a khansa mafutawa amakhala ndi kachidutswa kowonjezera, kothandiza selo kuti isafe nthawi yake ikakwana. "Kanyama kakangofunda, kachidutswako kamathothoka," anatero. "Ukazengereza, wasunga nyama wamba."

Kenako kunabwera Mayi Esinati, wothyola tiyi, ali ndi bala lakuda kunsi kwa phazi. Zotsatira zinati ndi khansa ya pakhungu. Dokotala anati phazilo lidulidwe. Womasulira ndinali ine.

Titatuluka anandikoka malaya. "Nanga kanyama kanga kena kaja kakukachita chiyani?"

Ndinafotokoza zonse monyadira. Ndinati maselo abwino ambiri alibe kachidutswa kaja, choncho akatswiri akuyembekeza kuti tsiku lina mankhwala adzakazindikira n'kupha khansa yokhayo.

"Basi, phazi lidikire mankhwalawo, achimwene. Wa mwendo umodzi kapitawo samulemba."

Ndinati zitenga zaka zambiri. Anaseka. "Tiyi nayenso amatenga zaka, koma timathyola."

Anabwerera kumunda atamanga phazi ndi chidutswa cha chitenje. Mvula ikutha anabwera pa kabaza, zotupa zitafika m'mphechepeche. Dokotala sanatchulenso zodula.

Ndinawaululira a Makwinja kuti mawu anga ndi amene anachititsa mayiwo kukana kudulidwa phazi. Sanakalipe. "Sunaname," anatero. "Koma iwo ankafunsa za phazi lawo, iwe unawayankha za selo."

Kanyama ka Mayi Esinati kanafika ku labu kali kozizira bwino, kachidutswa kali pomwepo. Eni ake tinakawaika m'manda kwawo ku Chimaliro.

Lero ndili pa nyuzipepala. Ndikamalemba zimene akatswiri apeza, ndimayamba ndafunsa kuti zidzafika liti, ndipo kwa yani.