Chitseko pamutu pa mayi Zikhalo

Ku Lobi mukafunsa za mayi Filomena Zikhalo, musadabwe akakuuzani kuti ndi aja anazula chitseko cha mwana wawo. Anazuladi, ndipo anachita bwino.

Mayiwa anakulira m'nyumba yodontha, n'kukwatiwanso m'yodontha. N'chifukwa chake gulu lomangirana nyumba litayamba kutchalitchi kwawo, iwo ndiwo anali oyamba kukwinya chitenje n'kulowa m'dzenje kukaponda dothi la njerwa. Lamulo la gululo analiumiriza ndi iwo omwe: nyumba yomangidwa ndi manja a anthu si yodyerapo phindu. Mwini akasamuka, mulowe banja losowa, pa lendi yochepa imene gulu lagwirizana. Chitseko, chimene amachiika pomaliza onse atasonkhana, chimakhalabe cha gulu, ndipo wophwanya lamulo amulande. Anthu anaseka, amvekere ndani angalimbe mtima kuzula chitseko cha mnzake.

Ndiye taonani, woyamba kuphwanya anali Misheck, mwana wawo wachisamba. Iye atasamuka kukayendetsa minibasi ku Dedza boma, gulu linalowetsa Kettie, mayi wamasiye wa ana atatu, m'nyumba imene linamumangira Misheckyo. Sipanapite nthawi, Misheck anamutulutsa n'kulowetsamo wogula mbatata wa ku Lilongwe, kuti matumba agone pabwino. Kettie ndi ana ake anakadzipanikiza m'khitchini mwa mnansi, m'chisanu cha Juni chija.

Gulu linakumana, koma aliyense maso pansi. A Bonifasio, apampando, anati nkhani yam'banja imafuna kuleza mtima. Kuleza mtima kwanji ana akutsokomola? Mayi Zikhalo mtima unawapweteka zedi, pakuti Misheck ndiye ankawagulira feteleza chaka ndi chaka, ndipo ankamukonda mwanayo. Komabe mayiwo anadzuka n'kukabwereka zida kwa kalipentala.

Misheck anawapeza kunyumba yake ija atamasula kale chitseko, akupinda nkhata.

"Amayi, mukundichititsa manyazi pamaso pa mlendo?"

"Mwanawe, njerwa za nyumbayi Kettie anaumba nawo khanda lili kumsana. Wambatatayu anaumba iti?"

Anasenza chitseko n'kutsetsereka nacho phiri mpaka kutchalitchi, anthu ali laponda apa m'pondepo, osadziwa kuti aseke kapena awalandire katundu. Wambatata ataona matumba ake ali pambalambanda, anasamuka yekha. Kettie anabwerera, ndipo gulu linakabwezera chitseko.

Kuyambira pamenepo palibe wayesanso zimenezo ku Lobi, ndipo nyumba zikuwonjezereka. Koma Misheck sanapondenso pakhomo pa mayi ake. Feteleza sanabwere, chimanga chawo chaka chino n'chachikasu, cholekezera m'mawondo. Loweruka lililonse mudzawapeza m'dzenje akuponda dothi la nyumba ya banja lina, ndipo za mwanayo sayankhula. Kungoti akamachoka pakhomo, chitseko chawo amangochibweza osakhoma, kuti Misheck akabwera asapeze potseka.