Galasi Loyang'ana Pansi

Ena akakumbukira agogo awo amamva fungo la fodya kapena utsi wa makala, koma ine agogo anga aamuna amandibwerera ndi fungo la petulo wosakanikirana ndi sopo, pakuti beseni losweka limene ankatsukiramo tizitsulo ta njinga yawo yamoto ndi lomwenso ankasambiramo m'manja, ndipo fungolo linkatsalira pa malaya awo, pa mpando wawo, ngakhale pa buledi akakunyemerako. Tinkakhala m'komboni ya George mu Lusaka, mbali yoyandikana ndi Lilanda, m'nyumba imene agogowo anamanga okha akugwira ntchito yokonza makina pa fakitale ina ya mabotolo. Makolo awo anachokera ku Dedza, koma iwo anabadwira mu Lusaka momwemo, ndipo mzere wonse wa nyumba za kwathuko unkawatchula kuti ba Chisale. M'nyumbamo tinalimo atatu: agogo, amayi anga omwe anali mwana wawo, ndi ine Tiyamike, amene panthawiyo ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Njingayo inali yaing'ono, yofiira mofwifwa, ya mtundu uja wopanda kilatchi ya pamanja. Ku George chilichonse chokhala ndi tayala chimagwira ntchito: wilibala imatunga madzi, njinga yakapalasa imanyamula makala. Koma ya agogo sinanyamulepo ngakhale thumba la ufa. Loweruka m'mawa ankaikokera pansi pa mtengo wa mapeyala, kuyala thumba pansi, kusanja masipanala kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu, kenako kumasula zinthu zimene ine ndinkaona kuti sizinawonongeke n'komwe, kuzitsuka, kuzipaka girisi ndi kuzibwezera. Masana ankaikwera kulowera msewu wa ku Mumbwa, n'kubwerako madzulo atangotuwa ndi fumbi, m'manja mulibe kanthu. Ukawafunsa kumene anapita ankati amakamvera injini. Ine ndinkadabwa, chifukwa injiniyo inkamveka bwinobwino pakhomo pomwepo.

Amayi, omwe ankagulitsa zovala za kaunjika, zija timati salaula, pa msika wa ku Matero, njingayo ankadana nayo ngati mkazi mnzawo. Chichokereni tsiku limene a ku kiliniki ananena kuti agogo ali ndi matenda a shuga, amayi anaika lamulo lawo pamaso pa ine ndi anansi omwe.

"Ba tata, siku nizaona chabe kuti thupi yayamba kukana, kiyi nizatenga. Olo mukalipe bwanji."

Agogo anaseka, koma kuyambira pamenepo kiyi anasiya kumukoloweka pa msomali wa kuseri kwa chitseko, anayamba kugona naye m'thumba. Ngakhale ndinali mwana ndinkadziwa kuti nkhaniyi sinali yoseketsa. Mvula ikagwa Loweruka moti sangatuluke, agogo ankangokhala pakhonde osayankhula ndi munthu, chakudya n'kumangochitosatosa. Popanda njinga ija analibe tsiku loliyembekezera.

M'chaka chimenecho ndi m'mene anayamba kuisintha njingayo m'njira zimene palibe anazimvetsa. Ankathandizana ndi ba Yusufu, mnansi wathu wowotcherera zitsulo, Msilamu wa makolo ochokera ku Mangochi, munthu wokonda kutsutsa moti ukamuuza kuti akupangire geti ankayamba wakuuza chifukwa chake geti lakolo ndi lopusa. Poyamba agogo anadula siponji ya chishalo, njinga n'kufupika. Patapita milungu anachotsa timitengo topondapo mapazi, ba Yusufu n'kuwotcherera mbale zachitsulo zazikulu zokhala ndi mkombero, zooneka ngati tiziwaya tokazingira mtedza. Kenako giya, amene aliyense amasintha ndi phazi lakumanzere, anamulumikiza ku ndodo yachitsulo yokwera m'mbali mwa thanki, pamwamba pake n'kuikapo chogwirira cha chitseko chakale, kuti azisintha ndi dzanja. Buleki yakumbuyo nayonso inachoka kuphazi n'kukakhala pa handulo.

Chilichonse chinali ndi chifukwa chake, koma chifukwacho chinkasintha malinga ndi amene wafunsa. Kwa amayi ankati ndi mmene amachitira a mipikisano kunja. Kwa abusa ankati akuteteza nsapato za kutchalitchi. Kwa ine ankati njinga imatopa kukhala chimodzimodzi chaka ndi chaka. Ndinkasokonezeka kuti chenicheni ndi chiti, ndipo chimene chinkandisokoneza koposa ndi ba Yusufu, amene pa zonsezi sanatsutsepo ngakhale kamodzi, ankangoyeza, kudula ndi kuwotcherera maso ali pansi.

Chomaliza chinali galasi. Njinga inali kale ndi magalasi ake awiri oonera kumbuyo, koma agogo anagula lachitatu, lozungulira, lotukuka pakati, n'kulimanga pansi pa handulo litayang'ana pansi. Anyamata a pa shopu ankafa ndi phwete. Amayi anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Manje iyi galasi iyangana pansi, muzaonelamo chani? Nyelele?"

"Tcheni," anatero agogo osatembenuka.

Ine nditakwera pa chishalo n'kusuzumira, tcheni sindinamuone. Ndinangoona mapazi anga awiri ali lende, osafika n'komwe pa mbale zija. Ndinaganiza kuti agogo alimanga molakwika, ndipo ndinachita nawo manyazi moti sindinawauze. Masiku omwewo anandipatsa ntchito yoponda kiki poliza injini, ati ndakula. Ndinanyada kwambiri, mpaka kusukulu ndinkanena kuti njinga ya agogo siilira popanda ine.

Tsiku limene ndinadziwa linali Loweruka lina la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Agogo anabwerako msanga chifukwa cha kutentha, anaimika njinga pamthunzi, anavula majombo n'kuvala patapata, kenako anakhalanso pa chishalo n'kumacheza ndi ba Yusufu kudzera pa mpanda. Ine ndinkatsuka mbale pafupi. Ndinayamba kumva fungo ngati la mutu wa mbuzi akamauwaula, ndipo ndinayang'ana uku ndi uku kufuna kudziwa amene wapha mbuzi pakati pa mwezi. Utsi sunkachokera kwa anansi. Phazi lakumanja la agogo linali litatsetsereka pa mbale ija, kakolo atatsamira pa ekizosi, paipi ya utsi imene inali idakali moto, ndipo khungu linkapsa iwo akuseka nkhani ya mpira.

Sindinakuwe. Mutu wanga unangoima, chifukwa ine ndinapsapo ndi paipi yomweyo kachala kamodzi ndipo ndinalira mpaka anansi anatuluka. Ndinayang'ana phazi, ndinayang'ana nkhope yawo yosekayo, ndipo zinthu ziwirizi zinkakana kukhala za munthu mmodzi. Agogo ataona kuti ndangoti kakasi, sanayang'ane phazi lawo mwachindunji. Anasuzumira m'galasi lija, monga munthu wozolowera, kenako anagwira bondo ndi manja awiri n'kusuntha mwendo ngati akusuntha katundu wa wina.

Ba Yusufu analeka kuseka n'kubwerera ku zitsulo zawo. Agogo anandikodola, ndipo polankhula anatsitsa mawu.

"Tiya, mapazi awa analeka kundiuza zinthu. Ndiye ndimachita kuwayang'ana. Amako usawauze."

Ndinavomera ndi mutu, koma sindinadziwe chimene ndikuvomera. Chishalo chachifupi, tiziwaya, ndodo ya giya, ngakhale ntchito yanga ya kiki imene ndinkanyadira ija, zonse zinayamba kutanthauza china, ndipo zinandipweteka kuti sanandipatse ntchitoyo chifukwa ndakula. Komanso ndinawamvera chisoni. Komanso ndinawakwiyira. Sindinkadziwa kuti mwana angathe kumva zonsezi nthawi imodzi.

Masiku otsatira agogo ankavala masokosi ngakhale kunja kukutentha chotero, ndipo ankawachapa okha kuseri kwa nyumba. Pachilondapo ankapakapo oilo wa injini, ati amapha tizilombo. Tsiku lachinayi ntchentche zinayamba kuwatsatira. Ndinapita kwa ba Yusufu kukafunsa chochita, poganiza kuti munthu wamkulu andiuza. Anapukuta manja nthawi yaitali.

"Ine nenze kuziba kale, mwana wanga. Nenze kuganiza ati nibathandiza. Manje siniziba."

Ndinabwerako nditasokonezeka kuposa mmene ndinapitira. Ndikanena, agogo ataya njinga, ndipo wowalanditsa ndikhala ine. Ndikapanda kunena, chinthu chija chinkanunkha kale. Kusukulu aphunzitsi ankalankhula ine ndikungowerengera mbali ziwirizi, ndipo iliyonse inkaoneka yolondola mpaka nditaganiza za inzake.

Lachisanu madzulo amayi akuanula zovala anapeza sokosi ya agogo ili ndi banga lachikasu limene sopo analephera kuchotsa. Anainunkhiza, kenako anandiyang'ana ine, osati agogo. Anangofunsa kuti ichi n'chiyani. Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa, ndipo mawuwo anali okonzeka pakamwa. Koma chimene chinatuluka ndi chakuti agogo anapsa ndi ekizosi Loweruka ndipo sanamve. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinasankha kunena kapena mawu anangondipulumuka.

M'mawa mwake tinapita nawo ku kiliniki pa minibasi. Namwino atawavula sokosi anatikalipira tonse atatu, nati tikanachedwa pang'ono phazilo likanadulidwa. Phazi linapola patapita miyezi. Koma kiyi amayi anamutenga tsiku lomwelo titangochokera ku kiliniki, n'kumumanga pa nsonga ya chitenje pamodzi ndi wa pa sitandi yawo yogulitsira zovala. Agogo sanakangane nawo. Anatulutsa kiyiyo m'thumba, anamuika patebulo, n'kukakhala pakhonde.

Amayi ankandiyamikira kwa aliyense wobwera pakhomo kuti ndinapulumutsa mwendo wa agogo, ndipo nthawi iliyonse akatero ndinkafuna kulowa pansi. Agogo sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanandikalipira. Ankandiyankha moni, ankandinyemerabe buledi, koma Loweruka njinga inkakhala itaphimbidwa ndi thumba, ndipo fungo la petulo linayamba kutha pa malaya awo. Ankanunkha sopo yekha, ngati agogo a wina aliyense.

Mvula itatha, Loweruka lina ndinamva kulira kwa masipanala pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinawapeza atayala thumba lawo, akumasula ndodo ya giya ija. Sabata yotsatira ba Yusufu anadula tiziwaya n'kubwezera zopondera zakale. Buleki inabwerera kuphazi. Ndinasokonezekanso: munthu alibe kiyi, mapazi ake samva, nanga akubwezeranji zonse kumapazi? Ndinaganiza kuti akufuna kuigulitsa, ndipo ndinakalirira kuchimbudzi. Nditalimba mtima ndinawafunsa ngati apeza wogula. Anapitiriza kumanga nati wawo mpaka atalimba.

"Iwe ako amamva," anatero, akuloza mapazi anga ndi sipanala.

Chishalo anachisiya chachifupi. Galasi nalonso analisiya, ndipo nditawakumbutsa kuti aiwala kulichotsa anapukusa mutu.

"Shuga amayenda m'magazi. Lisiye."

Amayi anakana kundipatsa kiyi kwa zaka zisanu. Agogo sanawaumirize, ankangoitsuka njingayo Loweruka lililonse n'kumandiphunzitsa kumasula pulagi ndi kukoka tcheni. Nditakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi amayi anamasula kiyi pa chitenje akung'ung'udza, ndipo ndinazungulira bwalo la mpira agogo atakhala pa mpando umene ba Yusufu anawanyamulira. Sanaombe m'manja. Nditaima anangondiuza kuti ndikusintha giya mochedwa, injini ikudandaula. Anamwalira chaka chotsatira ali ndi mapazi awo onse awiri, osandiuzapo ngati anandikhululukira kapena ngati panali choti andikhululukire.

Njinga ija inatha kalekale. Panopa ndili ndi yanga, ndimakhala ku Chainda, ndipo Loweruka ndimamasula zinthu zosawonongeka anansi akundiseka. Galasi lozungulira lija ndinalisamutsira pa handulo yanga. Ondifunsa ndimawauza kuti ndi loonera tcheni.

Chaka chatha a ku kiliniki anandiuza kuti nanenso ndili ndi shuga. Mapazi anga akumvabe, ndipo madzulo aliwonse ndimawatsina kuti nditsimikize. Koma ndili ndi mwana wamkazi wa zaka khumi, wa maso osaphonya kanthu, ndipo tsiku lina posachedwapa ndinamupeza atakwera pa chishalo akusuzumira m'galasimo.

"Mami, tcheni sioneka umu. Nionamo chabe mapazi."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe, ndipo mawu amene anali patsogolo anali aja a agogo, akuti usauze munthu. Ndinawameza. Ena oti ndiike m'malo mwake sindinawapezebe.