Buludoza ya a Girisi ndi Chigwembe cha Kuseri

Anthu ankawatchula kuti a Girisi, ndipo iwo ankayankha. Dzinali linachokera kuntchito. Anayamba ndi kupaka girisi makina okonza misewu, kenaka anakwera pampando, n'kukhalapo zaka makumi atatu ndi chimodzi akuyendetsa buludoza. Ngakhale atapuma ntchito zikhadabo zawo sizinayerenso, sopo anali atagonja kalekale. Khutu lakumanzere linagontha ndi phokoso la injini, moti wofuna kuwanena ankaima kumanzere, wofuna kuwapempha kanthu ankazungulira kumanja.

Atapuma anagula kamalo kunja kwa tauni, pamtsetse wa chitunda. Sanali malo oti munthu n'kulemera nawo ayi, anali ongopepetsera mtima. Panali mbuzi zisanu, mitengo ya mandimu, kadimba ka masamba ndi nyumba ya zipinda zitatu. Akazi awo anamwalira nyumbayo isanaikidwe mawindo. Mwana wawo wamwamuna, dalaivala wa malole a maulendo ataliatali, anabweretsa mkazi wake kuti azikhala pamenepo, poti iye ankatha mwezi wathunthu ali pamsewu. Mkaziyo anafika ndi khanda kumsana. Khandalo litayamba kuyenda, agogo ake analitcha Kanjinga, ati limathamanga ngati njinga yopanda mabuleki. Kuyambira pamenepo mayiyo anakhala make Kanjinga.

Make Kanjinga anali wamantha, ndipo sankabisa. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunali chigwembe chimene madzi a mvula anakumba, chakuya koposa munthu wokweza manja. Chaka chimene iye anafika, anawerenga mapazi makumi anayi kuchokera pakhomo la kukhitchini mpaka m'mphepete mwake. Mvula itatha anawerenganso, n'kupeza makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Chaka chachitatu anatsala khumi ndi asanu. Tsiku lina akuyanika zovala anatembenuka, n'kuona Kanjinga ataima m'mphepete mwenimweni, atataya nsapato yake m'dzenjemo, akuiyang'ana m'mene yagwera. Sanakuwe, kuopa kumudzidzimutsa. Anayenda monyang'ama ngati mphaka, n'kumugwira diresi. Anamunyamula n'kulowa naye m'nyumba.

Kuyambira tsiku limenelo, akamaphika ankamanga nsalu m'chiuno mwa mwana, mbali inayo n'kumangirira kumwendo wa tebulo. Ndipo anauza mwamuna wake pafoni, mosapsatira mawu:

"Mvula ikayamba dzenjeli lili chonchi, ine ndinyamula mwana ndikakhale kwa achemwali. Bambo ndimawakonda, koma sindingaike mwana m'manda chifukwa cha ulemu."

Ankaganiza kuti waima kumanzere kwa a Girisi. Kaya mphepo inatembenuka, kaya khutu logonthalo limasankha masiku, iye sanadziwe. Patatha sabata, a Girisi anafika pakhomo la kukhitchini atavala ovolosi yawo yakale.

"Mayi, mawa tilawirire. Pali buludoza ikugulitsidwa kumalo oswera miyala. Maso ndili nawo, koma ndikufuna khutu. Mundibwereke lanu."

Anafika dzuwa likungotuluka, Kanjinga ali kumsana. A Girisi anati makina akale amagulidwa m'mawa, mwini asanawatenthetse, chifukwa injini yozizira sinama. Kapitawo wa pamalopo, munthu wamimba yotsogola, anawatengera pa buludoza yopakidwa penti wachikasu wonyezimira.

"Iyi ndiye mkwatibwi, madala. Mungokwatira basi."

A Girisi anaika chikhatho pa injini, n'kumwetulira.

"Mkwatibwi wanu watentha thupi m'mawa uno? Kapena munamudzutsa kale kuti tisamve m'mene amakhosomolera?"

Kapitawo anaseka chikhakhali, koma cha manyazi. A Girisi anaisiya, n'kupita pa ina imene inaima kumbali, yadzimbiri, mpando wong'ambika, nkhuku itaikira mazira pansi pake. Sanayang'ane penti. Anagwada n'kuyamba kupapasa matcheni amene makinawo amayendera, kachidutswa ndi kachidutswa, kenaka mano a gudumu lakumbuyo limene limakoka matcheniwo. Anatsegula pa oyilo, n'kumupaka pakati pa zala, n'kumununkhiza ngati munthu wogula mafuta onunkhira. Ataliza injini, utsi wakuda unatuluka kamodzi kenaka n'kuyera.

"Mayi, bwerani apa. Tsekani maso. Mukumva kugogoda ngati munthu ali pachitseko?"

"Ayi, bambo. Ikungong'ung'udza basi."

"Mofanana, kapena ikudumphadumpha?"

"Mofanana."

"Ndiye ndi nkhalamba inzanga iyi. Nkhope yatha, koma miyendo ilipo."

Anagula yonyansayo ndi gawo lalikulu la penshoni yawo. Nzeru yawo inali yoti aigwiritse ntchito miyezi iwiri, aikonzekonze, kenaka aigulitse. Ankati buludoza mtengo wake uli pansi, pa matcheni ndi mano, ndipo ngati izo zili bwino ndalama imabwerera yokha. Mwana wawo atamva anaimba foni ali kutali.

"Bambo, anzanu akapuma ntchito amagula wailesi. Inu mwagula phiri lachitsulo?"

"Wailesi ndiimva ndi chiyani? Iwe yendetsa lole."

Lole yaitali itaitsitsa pabwalo, a Girisi anaika lamulo limodzi. Injini sinkalira mpaka make Kanjinga ataima pawindo n'kukweza mwana m'mwamba kuti amuone ndi maso awo. Akadya, kaya akapuma, chikhasu chakutsogolo ankachigoneka pansi, kiyi n'kuika m'thumba. Zimenezi zinamukhazika mtima pansi mayiyo. Koma kukhazikikako sikunakhalitse.

Tsiku loyamba la ntchito, buludoza sinapite kuchigwembe. Inakwera chitunda, kumtunda kwenikweni kwa malowo, n'kuyamba kukumba mopingasa, pang'onopang'ono ngati fulu. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Sabata inatha. Kuseri kwa nyumba dzenje linali kukamwa yasa monga kale, pamene kummawa mitambo inali itayamba kusonkhana masana alionse. Make Kanjinga ankayang'ana fumbi la kumtundako mtima ukuwawa. Anaganiza kuti nkhalambayo inangofuna choseweretsa, kuti ikumbukire unyamata, ndipo dzenjelo linali chonamizira chabe. Powapititsira tiyi anayesa kulankhula mwaulemu.

"Bambo, pepanitu, koma dzenje lili kumunsi."

"Ndikulidziwa, mayi. Silithawa."

Anabwerera misozi ili m'maso.

Sabata yachiwiri kunafika galimoto yoyera. Munatuluka kontirakitala wina amene anapeza ntchito yosalaza malo omangapo nyumba, ndipo makina ake anali atafa. Anaizungulira buludoza kawiri, anagwada pa matcheni monga anachitira a Girisi, n'kudzuka akupukuta m'manja. Mtengo umene anatchula unaposa umene iwo anagulira. Koma ankaifuna mawa lomwe.

Make Kanjinga anamva zonse ali pakhomo, mwana atamukumbatira pachifuwa. Foni inalira, anali mwamuna wake, poti kontirakitalayo anali atayamba wayankhula ndi iye.

"Uwauze bambo agulitse! Mwayi wotere subwera kawiri. Dzenjelo tidzaika mpanda wa waya."

Make Kanjinga anatsitsa foni. Ankadziwa kuti mpanda ungaletse mwana koma sungaletse dothi kugumuka. Ankadziwanso kuti ndalamazo n'zaukalamba wa munthu, ndipo iye, mkazi wobwera, analibe pakamwa poti n'kunena kuti musagulitse. 

A Girisi anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Bwana, mubwere pakatha milungu itatu."

"Milungu itatu? Madala, chitunda chanuchi n'chamiyala yokhayokha. Inu mukudziwa kuposa ine kuti miyala imadya matcheni. Pofika nthawi imeneyo nkhalamba yanuyi idzakhala yopanda mano ngati mwini wake."

"Mwini wake akudyabe," anatero a Girisi. "Ntchito ndaiyamba, sindinaimalize. Muyende bwino."

Galimoto itachoka, anatunga madzi mundowa n'kuitana mpongozi wawo kuti akwere nawo kumtunda. Kumeneko make Kanjinga anaona koyamba chimene ankakumba. Inali ngalande yotakata, yosazama, yoyenda mopingasa chitunda chonse mpaka kukona ya kumunsi kwa dimba, kumene anakumbako kadamu. A Girisi anakhuthula ndowa poyambira ngalandeyo. Madzi sanathamange, sanaimenso. Anayenda pang'onopang'ono cham'mbali, kusiya njira ya kunyumba.

"Madzi saiwala khwawa, mayi. Ndikanayamba n'kukwirira dzenje, mvula yoyamba ikanafukula dothi langa lonse n'kukakuikirani pakhomo. Ndinaziona pamsewu, anthu ophunzira akukwirira malo amodzi zaka zitatu. Umayamba wapatsa madzi njira ina. Dzenje limabwera pambuyo."

"Nanga bwanji simunandiuze, bambo?"

Anaoneka odabwa zenizeni.

"Kodi sindinakuuzeni? Zaka zonsezi ndimagwira ntchito ndi injini, ndiye ndinazolowera kuti aliyense akuona chimene ndikuona."

Mawa lake anatsikira kuchigwembe. Ngakhale kumeneko sanangokankhiramo dothi. Anayamba ndi kugumula zipupa zake kuti zipendekeke, pansi n'kuyala miyala imene anaizula kumtunda. Kenaka dothi, muyeso wa chikhatho chimodzi basi, n'kuyendapo ndi buludoza kupita ndi kubwerera mpaka litalimba ngati msewu, n'kuthiranso lina. Madzulo ankatsika pampando atagwira msana, make Kanjinga n'kuwatenthetsera madzi. Matcheni anayambadi kulira mosiyana, ndipo m'mawa uliwonse a Girisi ankawayang'anitsitsa.

Mvula inabwera masana a Lachinayi, kutatsala kachigawo kakang'ono kakumunsi. Inagwa yamkuntho, moti ngakhale mtengo wa mandimu sunkaoneka. Make Kanjinga anaima pakhomo la kukhitchini mwana ali kumsana, akudikira mkokomo uja ankaudziwa, wa madzi ofiira otsika chitunda. Anadikira. Padenga pokha ndiye pankamveka phokoso. Mvula itachepa pang'ono anaona munthu kumtunda, atanyowa chonyowa, fosholo ili m'manja, akuyenda m'mbali mwa ngalande n'kumachotsa zinyalala pamene madzi afuna kusefukira. Anatenga ambulera n'kukwera. Ngalande inali yodzaza, madzi akuyenda mwaulemu kupita kudamu.

"Bambo, mudwala! Tiyeni kunyumba."

"Taonani kaye," anatero, akuloza ngati mwana woonetsa chidole. "Akumvera."

Kuseri kwa nyumba dothi linatitimira pang'ono pakona imodzi, koma silinakokoloke. Kutacha anakonza pakonapo, n'kumaliza chotsalacho masiku anayi. Pamwamba anadzala udzu wa mizu yaitali, mzere ndi mzere, Kanjinga akuzula umene agogo adzala.

Kontirakitala uja sanabwerenso. Buludoza inakhala pabwalo miyezi itatu, mbuzi zikubisala mvula pansi pake, mpaka anaigula munthu wina woumba njerwa. Mtengo unatsika, unachepera ngakhale umene anagulira, chifukwa mano a gudumu anali atasongoka ngati minga. A Girisi sanabise chilemacho, anachita kumugwiritsa wogulayo ndi dzanja lake. Tsiku loinyamula anaithira girisi malo onse, ngakhale sinalinso yawo.

Make Kanjinga sanapite kwa achemwali ake. Kuthokoza kunkamuvuta, chifukwa akangoyamba, a Girisi ankati aiwala kutsekera mbuzi. Ndiye ankangowasankhira kapu yaikulu, n'kuwasokera mabatani asanapemphe.

Mwamuna wake anabwera mvula ili pakati. Anatsika basi nkhope ili gwa, nkhani ya mtengo ija isanamuchoke pamtima. Asanalowe n'komwe m'nyumba anazungulira kuseri, manja ali m'thumba, mkazi wake akumutsatira. Anayenda paudzu wobiriwira, n'kuima, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Ndiye chidzenje chimene chatidyera ndalamacho chinali pati?"

"Mwaima pomwepo."

Mwamunayo analumphira kumbali ngati waponda moto. Nthawi yomweyo Kanjinga anatulukira pakhomo la kukhitchini ali liwiro, n'kudutsa pakati pawo, kudutsa malo onse aja, mpaka anakagwa chafufumimba muudzu n'kudzuka akuseka. Mayi ake sanamuthamangire. Mwamunayo anayang'ana mwana, anayang'ana pansi pamene anaima poyamba, kenaka anatulutsa manja m'thumba.

"Bambo ali kuti?"

"Ali kudamu. Ati akufuna kuikamo nsomba."

Anapita komweko, chikwama chikadali paphewa.